Mlandu Wofinya Nkhope ya Mfumu

Mu ufumu wa Zilibwino munalibe mavuto. Amenewa si maganizo anga, linali lamulo. Mfumu Ndamvakale inathetsa mavuto onse chaka chomwe inalowa ufumu, ndipo kuyambira pamenepo munthu akakufunsa moyo, unkayankha ndi dzina la dziko lako ngakhale ukuchokera kumanda. Dzina la mfumuyi silinali la makolo. Inalipata chifukwa wodandaula akangotsekula pakamwa, iyo inkakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndamva kale," ndipo bwalo linkabalalika anthu akuwomba m'manja.

Dzuwa lokha ndi limene silinamve za lamuloli. Mu Okutobala wa chaka chimenecho linaswa mtengo mumzinda waukulu wa Pirirani mpaka phula la m'misewu n'kumavula anthu nsapato. Agalu anasiya kuuwa. Alaliki a pamsika analeka kuopseza anthu ndi moto wa kugehena ataona kuti palibe akuchita nawo mantha. Mthunzi kunalibe, chifukwa mitengo yonse ya m'mbali mwa misewu inadulidwa kalekale pa mlandu wotchinga zikwangwani za nkhope ya Mfumu.

Mfumu inamva chisoni kwambiri ndi anthu ake, moti inakwera ndege n'kukamvera chisonicho kudziko lozizira. Inabwerako itanenepa khosi, itanyamula nzeru yatsopano, ndipo inaitanitsa nduna zonse kunyumba yachifumu.

"Kumene ndinapita," inatero Mfumu, "dzuwa amalithira madzi."

Nduna zinawomba m'manja.

"Dikirani ndimalize. M'misewu amapachika timapaipi m'mwamba, tokhala ndi timabowo ngati diso la singano. Madzi akamatuluka amangoti fwaaa, ngati utsi. Munthu sunyowa kwenikweni, koma thupi lonse limati ziii. Ndikufuna nkhungu yotereyi mumsewu wa Chiyamiko, kuyambira pachipata changa mpaka kumsika."

Nduna zinawombanso m'manja, ina mpaka kugwetsa misozi, ngakhale ena amati linali thukuta. Nduna ina yokalamba, imene inali itagona, inadzidzimuka n'kufunsa mwangozi kuti madziwo achokera kuti, poti damu la mzindawo linali litaphwa mpaka ana n'kumawoloka osavula kabudula.

"Ndamva kale," inatero Mfumu.

Apa m'pamene anaimirira a Tidyeretu, Nduna ya Nyengo, Mphepo ndi Zokondweretsa Mfumu, bambo wa mimba imene inkafika pakhomo mwini wake akadali pamsewu.

"Mfumu ya mafumu, madzi alipo ambirimbiri. Ndafufuza ndekha. Ku Mawamawa kuja anthu akungowamwa."

"Kuwamwa?"

"Kuwamwa, Mfumu. Ena mpaka kusamba. Madzi a boma!"

Mawamawa linali dera la kuseri kwa msika, kumene kunkakhala anthu osesa, ophika ndi onyamula katundu wa mzinda wonse. Mfumu inapukusa mutu pomva za kusakaza koteroko, ndipo inalamula kuti paipi yaikulu ya ku Mawamawa ikhotetsedwe iloze kumsewu wa Chiyamiko.

Tsiku lotsegulira nkhungu, mayi aliyense anapatsidwa chitenje chatsopano choti avinire: chachikasu, pakati pali nkhope ya Mfumu yaikulu ngati lichero, ikumwetulira ndi ndevu zake zonse. Nsaluzi anaitanitsa ndi a Tidyeretu kudzera mwa mlamu wawo, amene mpaka sabata yathayo ankagulitsa matayala akutha. Pogawa, Nduna inalengeza malamulo a chitenje pa chimkuzamawu. Nkhope ya Mfumu saikhalira. Saiberekera mwana wopanda thewera. Saifinya, ndipo woifinya adzakhala m'ndende mpaka mvula itagwa. Pomaliza inanenetsa, ikudzimenya pachifuwa, kuti nkhope ya Mfumu sisuluka, sinasulukepo chiyambire, ndipo wonena kuti yasuluka ndi mdani wa dziko. Amayi anavina tsiku lonse osakhala pansi, chifukwa chitenjecho ungachimange bwanji, nkhope inkathera kumbuyo ndithu, pamalo penipeni pokhalira.

Kenako a Tidyeretu anapotokola chitsulo, nkhungu n'kutuluka. Ndisaname, inali yokoma. Msewu wonse unangoti mbuu, kamphepo kozizira kakulowa m'malaya. Akalaliki a m'maofesi anayamba kutumana okhaokha kukagula machesi kumsika, wina n'kubwerako wopanda machesi kuti atumidwenso. Mbuzi zinachoka kumakola kudzaima pamsewu zitatsinzina. Akulu ena a mpingo anavula jekete n'kuvina osaimbiridwa nyimbo. Madziwo ankathera m'malere asanafike pansi, ndipo ku Mawamawa mipopi inatsokomola pang'ono n'kukhala chete.

Ku Mawamawako kunali mayi wina dzina lake Nangondo, wophika thobwa lodziwika mpaka kutsidya kwa msika. Loweruka la sabata yomweyo kunali chinkhoswe cha mwana wake mmodzi yekhayo, Zione, ndi mnyamata wosoka nsapato wotchedwa Ganizani. Achinyamatawa ankakondana moti ukawaona unkachita manyazi ndiwe. Vuto linali mayi a mnyamata, a Nachanza, ochokera kumudzi wa m'mbali mwa mtsinje, amene ankafunira mwana wawo mtsikana wa kwawo konko. Iwo ankati anthu a m'tauni amalonjera mlendo ndi mano okha. Anavomera chinkhoswecho monyinyirika, n'kutumiza mawu kudzera mwa ankhoswe: "Ndikapita kumeneko n'kuchokako kukhosi kuli gwa, mwana wanga ndibwerera naye." Onse owadziwa anati mayi amenewo sanena zoseka.

Ufa unalipo, chimera chinalipo, nkhuni zinali mulu, mgolo waukulu unali utatsukidwa n'kuimikidwa pabwalo. Madzi okha ndiwo panalibe, ngakhale otsukira supuni. Zitsime zinauma, kamtsinje ka kuseri kwa msika kanasanduka njira ya njinga. Ndipo thobwa silifuna phuma: uphike phala, lizizire pang'ono, uthire chimera, uliwiritsenso, kenako ligone. Ngati Lachisanu likanatha moto usanayake, Zione akanatsala ndi diresi lake latsopano, Ganizani n'kukwezedwa basi ya kumtsinje. Nangondo anachita mantha enieni, mantha osowetsa tulo ndi njala yomwe.

Anatenga ndowa n'kupita kumsika kwa mnzake Abiti Sumani, wogulitsa usipa wouma. Anamupeza akutembenuza nsomba zake ndi nkhope yokwinya.

"Asisi, taonani," anatero Abiti. "Usipa ndinauyanika ndekha, lero boma laubwezera m'madzi. Ukangokhala pano mpaka mawa uyamba kusambira."

"Inu mukudandaula madzi ochuluka, ine ndikufuna dontho. Tiyeni mundiperekeze pamsewu, nditchere ndowa."

Anakaima pansi pa kapaipi kamodzi, ndowa ili pamutu. Anaima mpaka makosi kuwawa. Atasuzumira, m'ndowamo munali chinyezi chokha, chosakwana n'kumwetsa nyerere. Pafupi nawo panali abambo a ku Mawamawa atayasamula kukamwa kuloza kumwamba ngati ana a mbalame, akudikira chimodzimodzi.

Posakhalitsa anatulukira Sajeni Kamwendo, wapolisi wolondera nkhungu, munthu wowongoka ngati mtengo wa magetsi.

"Ndowa zachani pamsewu wa Mfumu? Nkhunguyi ndi yozizirira, si yotunga. Chotsani!"

"Achimwene, ndili ndi chinkhoswe Loweruka."

"Ndiye mukazizidwe msanga muzipita. Madzi akatayika sawoleka, mayi, awa atayidwa ndi boma mwadongosolo."

Anabwerera kuseri kwa mabenchi a msika, Nangondo akulira chamumtima. Ndi pomwe anamva kuti miyendo ikulemera. Chitenje chachikasu chija, chimene anavala chifukwa zina zonse zinali zakuda posowa madzi ochapira, chinali chitanyowa chonse, chikumata m'ntchafu. Ndowa inalephera, koma nsalu inamwa nkhungu yonse imene inaigunda. Anayang'ana uku ndi uku, anagwira kansonga ka m'munsi, kutali ndi ndevu za Mfumu, n'kupotokola. Madzi anatsika m'ndowa kuti chororo.

Amayi awiriwa anayang'anana, kenako anaseka mpaka kugwirana.

"Koma kansonga kokha sikadzaza mgolo," anatero Abiti atapuma. "Madzi ambiri ali pamasaya."

"Ndiye masayawo aona zakuda."

"Asisi, mpaka mvula itagwa! Ndende imeneyo mwaimva?"

"Ndamva kale," anatero Nangondo, ndipo anasekanso.

M'mawa mwake Sajeni Kamwendo anapeza chingwe chitamangidwa kuchokera pamtengo wa paipi kufika pa unzake, ndipo pachingwepo pali zitenje ziwiri zoyanikidwa bwinobwino, nkhope ya Mfumu itayang'anizana ndi timabowo ta nkhungu.

"Ichi ndiye chiyani?"

"Tayanika Mfumu yathu kuti nayo izizidwe," anayankha Nangondo atagwada mwaulemu. "Si bwino ife tokha kumazizidwa, mwini nkhungu akupsa m'chikwama. Kapena mukuti tiitsitse, achimwene? Nenani mokweza anthu amve kuti mwalamula kutsitsa nkhope ya Mfumu."

Sajeni anayang'ana Mfumu, Mfumu inamuyang'ana ikumwetulira, madzi akudontha kundevu. Anamenyetsa nsapato pansi n'kuchitira saliyuti zitenje zonse ziwiri.

Nkhani yabwino siichedwa ku Mawamawa. Dzuwa lisanafike paliwombo, msewu wa Chiyamiko unali wachikasu mbali zonse, Mfumu pano, Mfumu apo, Mfumu pamwamba pa Mfumu inzake. Chitenje chikalemera, mwini wake ankachichotsa ndi manja awiri, akunena mokweza kuti, "Mfumu yazizidwa mokwanira, ikapume kaye," n'kuzimiririka nacho kuseri kwa msika. Kumeneko kunali zigubu, mabeseni, miphika ndi ndowa za mpingo, ndipo amayi ankagwirizana awiriawiri, wina uku wina uku, kupotokola akuimba nyimbo zotamanda ufumu kuti phokoso la madzi lisamveke. Madzi oyamba ankatuluka achikasu ngati mkodzo wa ng'ombe, ndipo amenewo ankathirira masamba. Pofinya kachiwiri ndi kachitatu ankayera bwinobwino. Mfumu inkabwerera pachingwe itawonda pang'ono: ulendo woyamba ndevu zinapepuka, wotsatira makutu anayamba kusowa. Palibe anazilabadira, popeza lamulo linanena kale kuti zimenezo sizichitika.

Masana Mfumu yeniyeni inadutsa pa galimoto lake lopanda denga. Msewu unali wotentha ngati kale, chifukwa nkhungu yonse inkathera munsalu, koma Mfumu sinamve kutenthako. Inali ikudziona. Kulikonse kumene inkayang'ana inkakumana ndi iyo yomwe ikumwetulira, madontho akutsika pamphumi, ndipo galimoto linkathamanga mokwanira kuti za makutu zisaoneke.

"Tidyeretu, taona! Ngakhale chithunzi changa chikukhetsa thukuta chifukwa cha anthu anga."

"Ndinakonza ndine, Mfumu," anatero a Tidyeretu, amene ankazionanso koyamba.

"Onjezera madzi. Anthu ondikonda chonchi ayenera nkhungu yambiri."

Kuseri kwa msika kunamveka nthungululu imene Mfumu inaiyesa yake.

Pofika Lachisanu m'mawa, mgolo wa Nangondo unali utatsala pang'ono kudzaza. Zikhatho zake zinali matuza okhaokha, koma ankayenda ngati mtsikana. Anabwerera kumsika kuti akafinye komaliza, akayatse moto. Tsoka sasimba. Sajeni Kamwendo, amene anali atamwa nkhungu yambiri polondera, anazungulira kuseri kwa msika kufuna poima payekha, ndipo anaona zimene maso a wapolisi sayenera kuona. Nangondo anali ataponda nsonga ya chitenje ndi phazi, mbali inayo ataikulunga m'manja, akupotokola ndi mphamvu zonse za mayi wokwatitsa mwana, uku akulankhula nayo nsaluyo kuti, "Tulutsa, bambo iwe, tulutsa!"

Amayi ena onse anasanduka ogula tomato nthawi yomweyo.

"Mayi! Mwapotokola khosi la Mfumu!"

"Ndimaisisita, achimwene."

"Ndi phazi?"

Anamugwira padzanja. Chitenjecho anachitola chili chopotokoka chomwecho, poopa kuti akachitambasula ndiye kuti nayenso wachigwiragwira, n'kuchiika m'jumbo ngati umboni. Nangondo akukokedwa anakuwira mnzake.

"Abiti! Kayatseni moto, phala muphike, Zione akuthandizani. Koma chimera musathire, chimafuna dzanja langa!"

"Nanga mukapanda kubwera, asisi?"

Nangondo anayang'ana kumwamba, ndipo kunalibe ngakhale kamtambo kongonamizira.

Milandu ya ku Zilibwino inkatenga zaka, kupatula yokhudza nkhope ya Mfumu, imene Mfumu inkaiweruza yokha tsiku lomwelo isanadye. Bwalo linadzaza. Nangondo anagwada pakati, maganizo ake onse ali pa phala limene linkazizira ku Mawamawa. A Tidyeretu anaimirira kuti anene mlandu, ndipo anayambira patali. Anafotokoza za mphumi ya Mfumu, mmene mumachokera nzeru za dziko. Anatsikira kumaso, amene amaona mavuto asanabadwe n'kuwaletsa. Pa mphuno anakhalitsapo. Pofika kundevu mawu anali akunjenjemera, ndipo nduna yokalamba ija inali itagonanso.

"Zonsezi, Mfumu ya mafumu, mayi uyu anazipinda pamodzi, mphuno kukumana ndi khutu, n'kuzifinya ngati thewera!"

Bwalo lonse linati "Haaa!" monga mwa mwambo.

Mfumu inadzigwira tsaya ngati ikumva kuwawa. "Mayi, n'zoona munandifinya?"

"Mfumu, mwana wanga Zione mawa lino..."

"Ndamva kale. Tambasulani umboni, ndidzione mmene andivulazira."

Sajeni Kamwendo anatulutsa chitenje m'jumbo. Asilikali awiri anagwira uku ndi uku, anachipotolola pang'onopang'ono, n'kuchitambasula pamaso pa bwalo. Chinali chitenje choyamba kupachikidwa pamsewu uja, chimene chinafinyidwa kuposa china chilichonse mu ufumu wonse. Chinali choyera ngati nsalu ya paguwa. Panalibe mphumi, panalibe mphuno, panalibe ndi tsitsi limodzi la ndevu.

Mfumu inatsika pampando, inayandikira, inazungulira kuseri kwa nsaluyo kukayang'ana, n'kubwerera.

"Tidyeretu, ndili kuti?"

A Tidyeretu anayang'ana nsaluyo. Yankho ankalidziwa, ndipo ankadziwanso mtundu wa utoto umene wogulitsa matayala angaugule. Koma kunena kuti nkhope yasuluka kunali kudzitcha mdani wa dziko ndi pakamwa pawo pomwe, pa lamulo lolengeza okha, ndipo pambuyo pake pakanabwera mafunso okhudza mlamu. Thukuta linawatsika mpaka m'masokosi.

"Mfumu ya mafumu," anatero potsiriza, "nkhope yanu sisuluka."

"Zimenezo ndikudziwa. Ndiye ndili kuti?"

"Ndiye kuti... ndiye kuti pansalu iyi simunakhalepo chiyambire. Iyi ndi nsalu wamba, Mfumu. Yongoyera. Mayiyu amafinya nsalu yake."

"Koma bwana," anayamba Sajeni Kamwendo, "dzana lomweli ndinaichitira saliyuti nsalu imeneyi, inali ndi..."

"Sajeni," anatero a Tidyeretu mokoma kwambiri, "ukufuna kuuza bwalo lino kuti unaona nkhope ya Mfumu ikuchoka pansalu?"

Sajeni anaganiza za ana ake. "Ayi bwana. Ndinachitira saliyuti nsalu yoyera. Dzuwa, bwana."

Nangondo anayamba kudzuka mwakachetechete, koma Mfumu inakweza dzanja. Nkhope yake, yeniyeniyo, inali ikunjenjemera.

"Taimani. Mukundiuza kuti mayi uyu analibe chitenje changa? Anzake onse akupachika nkhope yanga pamsewu, iye n'kupachika nsalu yopanda kanthu, kungoti asatsalire pondikonda?" Inatembenukira kwa Nangondo. "Mayi, alipo ena ovutika chonchi?"

"Ambiri, Mfumu. Mukasuzumira pazenera muwaona."

Mfumu inapita pazenera. Kuyambira pachipata mpaka kumsika, msewu wa Chiyamiko unali mbee, nsalu zoyera zokhazokha zikudontha padzuwa, mwina apo ndi apo kadiso kamodzi kotsalira. Mfumu inalira mokweza, nduna zonse n'kuyamba kulira nawo mopikisana.

"Anthu anga akusowa nkhope yanga, inu muli phee! Tidyeretu, vuto ili ndalithetsa lero. Mayi aliyense alandire zitenje ziwiri zatsopano, zazikulu kuposa zija."

Nangondo anawomba m'manja mogwada. Mtima unkamuuza kuti athawe, koma pakamwa panamutsogolera.

"Mfumu, ngati n'kotheka, zikhale zokhuthala. Zonga thaulo. Kuti nkhope yanu ikhale ndi pogwira."

"Ndamva kale," inatero Mfumu ikupukuta misozi. Akuluakulu a ku Pirirani amati chilowereni ufumu, aka kanali koyamba kuti mawu amenewa atanthauze inde.

Nangondo anatuluka m'bwalo akuyenda mwaulemu mpaka pachipata, kenako anakwinya diresi n'kuliyatsa liwiro. Anadutsa pakati pa nsalu zoyera amayi akumuimbira nthungululu, anadumpha mbuzi, anagwetsa benchi la tomato n'kupepesa ali kutali. Kunyumba anapeza Abiti Sumani ndi Zione atakhala pambali pa mgolo, maso ofiira ndi utsi ndi kulira komwe. Sanawapatse moni. Anaviika chala m'phala, n'kupeza likadali lofunda bwino.

"Bweretsani chimera! Zione, leka kulira, ukutaya madzi."

Loweruka kunacha kotentha ngati masiku onse. Akuchimuna anafika fumbi lili m'nsidze, a Nachanza ali patsogolo, milomo atayimanga ngati thumba la ndalama. Anakhala pamkeka n'kuyang'ana mpopi wouma wa pabwalo, kenako anayang'ana ankhoswe awo ndi diso lonena kuti ndinakuuzani. Ganizani anali atavala jekete yobwereka. Mwambo usanayambe, Nangondo anabwera yekha ndi chikho chachikulu, anagwada, n'kupereka ndi manja awiri.

A Nachanza ananunkhiza kaye. Analawa pang'ono, woimba ng'oma n'kusiya dzanja m'mwamba. Kenako anapendeketsa chikho osapumira mpaka kuona pansi pake.

"Mmm," anatero. Kumudzi kwawo amati mawu amenewa anawanenapo kamodzi kokha, pa ukwati wawo womwe.

Ng'oma inalira. Ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, Zione anavundukulidwa pakati pa atsikana anzake ofunda nsalu zoyera zimene zinali zambiri mwadzidzidzi m'dera lonselo, ndipo Ganizani anamuloza osaphonya. Thobwa linayenda m'makapu, m'mabakuli, mpaka m'zitini. Ngakhale Sajeni Kamwendo anapezeka pakona atavala malaya wamba, akumwa atatsinzina kuti asaonenso kanthu kena.

Gule atafika pachimake, a Nachanza anakodola Nangondo kuti akhale nawo pamkeka.

"Asewere," anatero, ndipo Nangondo anamva kukoma mumtima, chifukwa dzina limeneli amaitanirana makolo amene ana awo akwatiranadi. "Anandiuza kuti kuno mipopi inauma. Nanga madzi a thobwa lonseli munawatenga kuti?"

Nangondo anatambasula zikhatho zake, matuza ena ataphulika, ena akadali odzaza. Anayang'ana kwa Sajeni, amene anatsinzina kwambiri.

"Madzi alipo, asewere. Mfumu yathu ndi yopatsa. Kungoti sipereka kanthu usanaifinye."

A Nachanza anayang'ana manjawo, anayang'ana Zione akuvina ndi mwana wawo, kenako anasuzumira m'chikho chawo n'kuchitambasulira kwa Nangondo.

"Ndiye mukaifinyenso, asewere. Muno mwauma."